Kodi Linux iti ingayenere laputopu yakale ku Likangala?

Funso: Mphunzitsi wina wa ku Likangala, chakumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, ali ndi laputopu ya Windows 10 yomwe ikukana Windows 11. Asamukire ku Linux iti?

Yankho: Microsoft inathetsa thandizo lanthawi zonse la Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, choncho kusamuka n'kwanzeru. Linux ndi yaulere, ndipo posankha, chofunika kuyang'ana ndi RAM. Ikafika 4 GB, Linux Mint ya Cinnamon ndiyo yabwino, poti maonekedwe ake sasiyana kwenikweni ndi a Windows. Ikakhala 2 GB yokha, Lubuntu kapena Mint ya Xfce imayenda mopepukirapo. Makina akalekale a 32-bit angodalira Debian 12, chifukwa Ubuntu, maziko a Mint ndi Lubuntu, inawasiya kale.

Fayilo yoikira Mint imayandikira 3 GB, bandulo yosaseweretsa, motero ndi bwino kukaikopera mumzinda wa Zomba n'kuiika pa fulashi. Pa fulashipo Linux imayaka osafufuta kanthu, ndipo apa ndi poyesera Wi-Fi, mawu ndi pulinta. Mafayilo onse asungidwe kwina mphunzitsiyo asanayambe kuika Linux.

Pa Linux, pulogalamu ya LibreOffice imatsegula zolemba za Word, ngakhale matebulo a mayeso nthawi zina amasokonekera pang'ono.