Wailesi Ikafa Isatayidwe Msanga

M'chaka cha 1949 ku Lusaka adayamba kugulitsa wailesi yotchedwa Saucepan Special. Inkaoneka ngati sefuliya, mtengo wake udali mapaundi 5, ndipo idafika ndi kuno komwe. Pambuyo pake kampani ya Nzeru ku Blantyre inkapanga mawailesi a m'dziko muno. Masiku amenewo wailesi idali chuma cha banja. Ikafa, mwini wake ankapita nayo kwa mmisiri kumsika, ndipo anyamata ankaunjikana kuonerera. Ambiri adaphunzira ntchitoyi poonerera pomwepo.

Lero lusoli likuchepa. Mawailesi atsopano ali ndi tizipangizo tating'ono tomatidwa pamodzi, tovuta kusintha, ndipo mtima wa achinyamata uli pa foni. Tsono wailesi ikangoti zii, imaponyedwa kunsi kwa kama.

Koma m'chigwa cha Shire wailesi si choseweretsa. Mu January 2022 namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira m'boma la Chikwawa, ndipo magetsi adazima m'madera ambiri. Mu March 2023 namondwe Freddy adamizanso midzi ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Magetsi akazima foni imatha moto, koma wailesi ya mabatire imalankhulabe ndi kuchenjeza anthu kuti asamukire kumtunda.

Nthenda zambiri za wailesi n'zazing'ono, ndipo munthu angazione yekha:

1. Ayambe wayesa mabatire atsopano, ndipo aone ngati aikidwa molunjika.

2. Ngati tizitsulo togunda mabatire tachita dzimbiri, atipale ndi kampeni mpaka tiwale.

3. Atsekule kumbuyo, ayang'ane ngati waya wa ku sipika kapena wa ku mabatire waduka. Mmisiri amauwotcherera m'kanthawi kochepa.

4. Wailesi ikanyowa, achotse mabatire msanga, aiumitse pamthunzi masiku angapo asanaiyatse.

5. Asasiye mabatire akutha m'kati, chifukwa amatuluka madzi odya zitsulo.

Wailesi yolumikizidwa ku magetsi isatsekulidwe konse isanazulidwe pakhoma, pakuti magetsi amapha.

Aphunzitsi angathandize kwambiri. Apemphe wailesi yakufa m'mudzi, aitsekule pamaso pa ana, ndipo aitane mmisiri wa pafupi kuti adzawaonetse ntchito ya chipangizo chilichonse. Ana asaope kumufunsa, pakuti safunsa adadya phula. Ntchito imeneyi ichitike mvula isanayambe.