Phunziro: Nyimbo Yanu Isanalowe mu Situdiyo

Ana inu, khalani chete. Lero tikambirana za kupeka nyimbo ndi anzanu mpaka kuijambula.

Wina akabwera ndi mawu, wina ndi kaimbidwe, yambirani pa kolasi, poti ndiyo imene anthu adzaimbe pa msika wa Nsaru kapena m'minibasi ya ku Namitete. Mnzanu akaimva kawiri n'kulephera kuibwereza, dziwani kuti sinapse.

Kenako kuyeserera, ndipo apa mpamene ambiri mumachita ulesi. Taonani a Madalitso Band. Alipo awiri okha: Yobu Maligwa amaimba uku akukhwacha babatoni, chida cha chingwe chimodzi chokutidwa ndi chikopa, pomwe Yosefe Kalekeni amaliza gitala ya zingwe zinayi, chidendene chikugunda ng'oma. Anaimba m'misewu ya Lilongwe zaka zambiri, tsiku ndi tsiku, kotero kuti pofika 2019, pamene kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa chimbale chawo cha Wasalala, nyimbozo zinali zitakhazikika kale m'manja. Situdiyo si malo ophunzirira nyimbo. Mumalipira nthawi, ndipo maikolofoni imatola zonse, ngakhale mpweya wa munthu amene waiwala mawu.

Mukalowamo, kawirikawiri wojambula amayamba ndi ng'oma ndi besi kuti liwiro likhale limodzi, kenako magitala, mawu pomaliza. Akatero amasakaniza pa kompyuta, kukweza ichi, kutsitsa icho. Woimba besi adzadandaula kuti sakumveka. Amatero onse, musadabwe.

Tsono gwirani ichi, chifukwa chadanitsa anthu amene ankadyera mbale imodzi. Nyimbo ndi ya ndani? Wolemba mawu ali ndi gawo lake, wopeka kaimbidwe lakenso, ndipo amene walipira situdiyo sakhala mwini wa mawuwo chifukwa cha ndalama zakezo. Bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndalama kuchokera ku nyumba zoulutsira mawu ndi malo ena oseweretsa nyimbo, n'kugawira eni ake. Koma limatsata maina amene analembetsedwa. Dzina lako likasowapo, uzingoimva nyimboyo pa wailesi m'thumba muli mbee.

Choncho musanakwere minibasi pano pa Chitedze kupita ku situdiyo m'tauni, tengani pepala. Lembani amene wachita chiyani ndi mmene mudzagawanire, aliyense asainepo. Bweretsani mapepalawo Lolemba, ndidzawaone.