Makina ofungatira mazira: musaumitse kambale ka madzi

Makinawa, amene m'masitolo a muno mu Tete amawatcha incubadora, ndi bokosi lamagetsi logwira ntchito ya thadzi. Amasunga kutentha pa madigiri 37.5, ena amatembenuza okha mazira. Anapiye a nkhuku amaswa pa tsiku la 21, a nkhanga pakati pa masiku 26 ndi 28. Mtengo umatengera kukula kwake ndi kumene mwagula, ndipo muwerengerenso ndalama ya Credelec ndi batire lodzathandiza magetsi akazima. Ndalamayo ingathe kubwerera mukaswetsa maulendo angapo, koma zimadalira msika wa anapiye.

Vuto limene tikulipeza kwa alimi ku Matundo, ku Chingodzi ndi kwina ndi limodzi: kambale ka madzi ka m'makinamo kamapezeka kali gwa! Anthu amangoyang'ana nambala ya kutentha, ya chinyezi osailabadira. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo mvula isanagwe mpweya umakhala wouma zedi. Dzira limataya madzi kudzera m'timabowo ta chigoba. Likataya ochuluka, nembanemba yam'kati imauma n'kumatirira mwanapiye; amaboola chigoba pang'ono, n'kufera momwemo. Mwini wake amadzudzula tambala kapena wogulitsa mazira, pamene mwanapiyeyo anali wamoyo mpaka tsiku lomaliza.

Pa mazira a nkhuku, masiku 18 oyamba chinyezi chikhale 50 mpaka 55 peresenti. Kuyambira pamenepo chikwezeni chifike 65 mpaka 70, lekani kutembenuza mazira, ndipo musatsegule. Tikubwerezanso, musatsegule! Kuvundukula kuti aneba aone, kapena kuti muthandize mwanapiye mmodzi, kumatulutsa chinyezi chambiri nthawi yomweyo, anzake otsala n'kuuma. Chizolowezi chowaza madzi pa mazira nachonso sichithandiza: chimawaziziritsa, ndipo madziwo amalowetsa tizilombo m'chigoba.

Chinyezi chimakwera ndi kutambalala kwa madzi, osati kuya kwake. Chikatsika, onjezani kambale kachiwiri kapena kansalu koyera konyowa, madzi ake akhale ofunda. Onani kambale m'mawa ndi madzulo. Mvula ikakhazikika mu Januwale chepetsani madzi. Makinawa sadziwa kuziziritsa, choncho asakhale pansi pa malata opanda siling'i.

Njira yodziwira ngati chinyezi chili bwino imene timaikonda kwambiri, ndipo siilira ndalama, ndi kuunika mazira a nkhuku ndi tochi mumdima pa tsiku la 7, 14 ndi 18. Kumbali yaikulu ya dzira mudzaona mpata wa mpweya. Zungulizani malire ake ndi pensulo, muone mmene ukukulira. Pofika tsiku la 18 uzitenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dzira. Ukakula msanga, onjezani madzi. Ukakhala waung'ono, chepetsani. Dzira lenilenilo limakuuzani zoona ngakhale choyezera chinyezi chitalakwitsa! Amene ali ndi sikelo ayeze mazira tsiku lowaika ndi tsiku la 18: pa magalamu 100 aliwonse azichepa ndi pafupifupi 12.