Kukwera ku Tepozteco Kuchokera ku Mexico City

Tepoztlán ndi tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Morelos, makilomita pafupifupi 80 kumwera kwa Mexico City. Pamwamba pa phiri loyandikana nayo pali kachisi wakale wa Tepozteco. Kwerani sitima ya Metro, njira ya nambala 2, mukatsikire komwe imathera, pa Tasqueña. Depoti ya mabasi opita kumwera, Terminal del Sur, ili pomwepo. Basi imayenda pafupifupi ola limodzi ndi theka, ndipo nthawi zambiri imatsitsa anthu kunja kwa tauni. Musatekeseke, takisi zimakhala zikudikira.

Ngati mungathe, pitani mkati mwa sabata. Loweruka ndi Lamlungu anthu a mumzinda amakhamukira kuno, njira ya kuphiri n'kukhala ngati mzere wa kuchigayo.

Lawirirani m'mamawa. Tsatani msewu wa Avenida del Tepozteco mpaka nyumba zithe, pomwe payambira masitepe a miyala. Mtunda wake ndi makilomita awiri okha, koma ndi chitunda chokhachokha. Tauniyo payokha ili pamtunda wa mamita 1,700, choncho befu amabwera msanga. Dzipatseni ola lathunthu, mupumire m'njira popanda manyazi. Valani nsapato zogwira bwino, makamaka m'miyezi ya mvula, June mpaka September, pamene miyala imaterera. Tengani madzi ndi ndalama za peso m'manja zolipirira polowa.

Pamwamba mudzalandiridwa ndi tinyama totchedwa coati, ta mphuno zazitali ndi michira ya mizeremizere. N'tokongola, koma ndi timbava: tsekani chikwama, ndipo musatipatse chakudya.

Kachisiyo ndi wamng'ono, msinkhu wake mamita 10 okha, moti amene akuyembekeza mapiramidi aakulu a ku Teotihuacán akhumudwa. Anamangidwira Tepoztecatl, mulungu wa pulque, mowa woyera wofulidwa kuchokera ku madzi a maguey, chomera cha mtundu wa khonje. Pamalopa panapezeka miyala yozokotedwa dzina la mfumu ya Aaziteki, Ahuizotl, ndi chaka cha 1502, chomwe iye anamwalira. Khalani pansi, muyang'ane chigwa chonse chili tandale kunsi kwanu. Kwa ine, malipiro a thukuta lija ndi amenewo.

Potsika mawondo amanjenjemera kuposa pokwera. Mukafika pamsika funsani itacate, chikondamoyo cha chimanga cha ngodya zitatu choikamo tchizi kapena ndiwo. Pafupi pomwepo pali nyumba ya ansembe a Chidominiko, La Natividad, yomangidwa m'zaka za m'ma 1500, yomwe UNESCO inaiika m'kaundula wake mu 1994. Ngati mwapita Lamlungu, guliranitu tikiti ya basi yobwerera musanayambe kudya.