Mchenga wa m'thanki wafiirira: kodi ndigule makina atsopano osefera madzi?

FUNSO

Alangizi, ndimakhala ku London. Ndinayamba ndi kuweta mbuna za ku Nyanja ya Malawi, ndipo sizinandivutepo ngakhale ndinkagwiritsa ntchito madzi a pampopi. Panopa ndili ndi thanki ya nsomba za m'nyanja yamchere ndi makorali, ndipo madzi ndimasefa ndi makina a RO/DI. Resin yomwe kale inkatha miyezi ingapo tsopano ikusintha mtundu pakangopita masabata ochepa. Galasi ndikalipukuta m'mawa, pofika madzulo lakutidwanso ndi fumbi lofiirira, mchenga nawo chimodzimodzi. Mita ya TDS, yoyeza zosungunuka m'madzi, ikuwerenga pafupifupi 300 pa madzi a pampopi, ndipo pa madzi otuluka m'makina ikuwerenga 3 kapena 4. Membrane sindinaisinthepo chigulireni makinawa zaka zitatu zapitazo. Mnzanga akuti ndingogula makina aakulu. Ndithandizeni nzeru.

Bambo wa ku London

YANKHO

Zikomo bambo. Ndalama zanu zisungeni kaye. Makina amene muli nawo akhoza kukhala abwinobwino, kungoti mbali imodzi yatopa ndipo katundu wake wagwera inzake. Musanagule chilichonse, yezani madzi pamalo atatu: olowa kuchokera pampopi, otuluka mu membrane asanafike pa resin, ndi omaliza. Inu mwayeza koyamba ndi komaliza, koma yankho lili pakatipo.

Mbuna zinakulekererani chifukwa kwawo kunyanja madzi si a asidi, ndipo zimapirira madzi a layimu wambiri ngati a ku London, bola mwachotsamo klorini. Makorali alibe chipiriro chimenecho. Mkuwa wochepa kwambiri umapha makorali, nkhono ndi tinkhanu, pomwe phosphate ndi silicate zimadyetsa ndere. Kumbukiraninso kuti madzi akamauluka ngati nthunzi, zonse zosungunukamo zimatsala m'thanki. Mukamawonjezera madzi odetsedwa pang'ono tsiku ndi tsiku, zonyansazo zimangounjikana.

M'makina anu madzi amadutsa magawo anayi. Sefa yoyamba imagwira matope ndi dzimbiri. Yachiwiri, ya makala, imachotsa klorini. Kenako membrane imachotsa pafupifupi zonse zosungunuka, ndipo resin imangotola zotsalira. Sefa ya ufa sigwira ntchito ya mtondo: resin ikapatsidwa ntchito ya membrane, siichedwa kutha.

Masamu ake ndi awa. Membrane yabwino imachotsa 95 mpaka 98 pa 100 iliyonse ya zosungunuka. Ngati yanu ikuchotsa 97, pa 300 wa pampopi uja patsala 9. Ikafooka n'kumachotsa 90 yokha, patsala 30, kutanthauza kuti resin ikusenza katundu woposa katatu. N'chifukwa chake miyezi yasanduka masabata. Tsegulani madzi ayende mphindi zingapo, kenako tungani otuluka mu membrane m'kapu yoyera n'kuyeza. Mukapeza 25 kapena 30, mwapeza gwero la vuto. Membrane zambiri zimakhala zaka ziwiri kapena zitatu, ndiye yanu yafika msinkhu.

Komabe funsani chimene chaifooketsa, kuti yatsopano isawonongeke msanga. Mdani wake wamkulu ndi klorini, yemwe amadya kachikopa kopyapyala kamene kamasefa madzi. Sefa ya makala ikatha mphamvu siionetsa chizindikiro, klorini amangodutsa. Choncho sefa ziwiri zoyambirira zisinthidwe pafupifupi miyezi 6 iliyonse. Makampani ena a madzi ku Britain amathira chloramine, yemwe amavuta kuchotsa kuposa klorini wamba. Onani lipoti la madzi a m'dera lanu, lomwe kampani yanu imaika pa intaneti. Ngati alimo, ikani sefa za makala ziwiri zopangidwira chloramine, ndipo nthawi ndi nthawi muziyeza klorini yense m'madzi amene makina amataya akamayenda. Sayenera kupezekamo ngakhale pang'ono.

Chachiwiri ndi mphamvu ya madzi. Membrane zofala za magaloni 75 patsiku, omwe ndi malita pafupifupi 280, zimayesedwa pa 50 psi ndi madzi ofunda madigiri 25. Mphamvu ikatsika pansi pa 40 psi, madzi amatuluka ochepa komanso osayera bwino. Ikani geji pakati pa sefa ya makala ndi membrane. Muvi ukamatsika pang'onopang'ono masabata akamapita, sefa yoyamba yatsekeka. Ukakhala pansi ngakhale sefa zili zatsopano, mpamene pampu yowonjezera mphamvu ikufunika. M'nyengo yozizira madzi amatuluka mochedwa, koma musayese kuthirako a kumpopi wotentha, chifukwa amawononga membrane ndipo amabwera ndi zitsulo za m'mapaipi.

Fumbi lofiiriralo nthawi zambiri limakhala ndere zotchedwa diatom, zomwe zimamanga zigoba zake ndi silicate. Resin imagwira silicate mofooka, ndipo ikatopa imayamba kutaya yomwe inagwira kale. Choipa n'chakuti mita ya TDS siiona bwino silicate, ndiye 3 kapena 4 wanuyo akubisa zambiri kuposa mmene akuonekera. Lamulo likhale ili: madzi omaliza awerenge 0, ndipo akafika pa 1 resin isinthidwe, osadikira kuti mtundu usinthe mpaka kumapeto.

Mukafuna kukweza makinawa, nazi zopindulitsa zenizeni. Gulani mita ya TDS yolumikiza pa mapaipi, yowerenga pambuyo pa membrane ndi pambuyo pa resin. Ikani valavu yotayira madzi oyamba, chifukwa makina akakhala osayenda, madzi oyamba kutuluka mu membrane amakhala ndi TDS yokwera ndipo amadya resin pachabe. Atayeni mpaka nambala itsike. Pa chifukwa chomwechi, ndi bwino kusefa madzi ambiri nthawi imodzi kusiyana ndi kumayatsa ndi kuzimitsa pafupipafupi. Wonjezerani chitini chachiwiri cha resin motsatizana ndi choyamba: choyamba chikatha, chachiwiri chibwere kutsogolo, chatsopano chikhale kumbuyo. Pogula membrane, onetsetsani kuti kachipangizo kochepetsa madzi otayidwa kakugwirizana ndi kukula kwake. Makina ambiri amataya malita atatu kapena anayi pa lita imodzi yoyera. Madzi otayidwawo tungani, ndi abwino kuchapira kapena kukolopera.

Madzi oyera muwasunge m'chigubu chovundikira cha pulasitiki yosungiramo zakudya. Powonjezera m'malo mwa omwe auluka, thirani madzi osathira mchere, kuti mchere wa m'thanki ukhazikike pa magalamu 35 pa kilogalamu ya madzi, omwe ndi pafupifupi 1.026 pa choyezera chanu cha mchere.

Ndiye sabata ino yezani pakati paja. Nambala ikakhala yokwera, sinthani sefa ziwiri zoyambirira, membrane ndi resin tsiku limodzi, ndipo madzi oyamba a membrane yatsopano muwataye monga momwe opanga alembera. Kenako muzisintha gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi a m'thanki sabata iliyonse, mukupopa fumbi la pamchenga. Ndere zidzachepa pang'onopang'ono silicate akamatha. Lembani tsiku losinthira pa chitini chilichonse ndi nambala zitatu zija m'kabuku, kuti ulendo wina mudzaone vuto makorali asanalimve.