Injini Ikaboila, Yambani ndi Funso

Ndikulankhula ndi inu anyamata ndi atsikana amene mwangoyamba kugwira sipanala, kaya mudaphunzira kusukulu ya ntchito zamanja, kaya mudayambira kutsuka mabawuti m'galaja ya amalume anu ku Biwi kapena ku Ndirande. Dzuwa la Okutobala likamaswa mtengo mudzalandira magalimoto ambiri a dandaulo limodzi: "Amakaniko, ikuboila." Ambiri mwa magalimotowa adayenda kale zaka zambiri ku Japan asanatsike padoko la Dar es Salaam, ndipo kuno akusenza katundu woposa msinkhu wawo m'misewu ya fumbi. Radiyeta, mapaipi ndi pampu zake n'zokalamba.

Kutentha kwa injini kuli ngati kutentha thupi kwa mwana: kumakuuzani kuti pali matenda, koma sikutchula dzina la matendawo. Makaniko amene amati akangomva kuti ikuboila n'kuyamba kumasula hedi amawonongetsa ndalama za mwini galimoto, ndipo pakapita sabata galimoto ija imabwerera ikufuka nthunzi.

Poyamba samalani nkhope yanu. Musatsegule chotsekera cha radiyeta injini ili yotentha. Madzi a m'katimo amakhala opanikizika, ndiye amatha kupitirira madigiri 100 osawira. Mukangomasula, amawira nthawi yomweyo n'kukuthuvulirani kumaso ndi m'manja. Dikirani mpaka paipi ya pamwamba itafewa, moti mutha kuigwira ndi dzanja osapsa. Musathirenso madzi ozizira mu injini imene yangoboila kumene, chifukwa hedi ya aluminiyamu imapindika kapena kung'aluka ikazizira mwadzidzidzi. Madalaivala muziwauza kuti singano ya kutentha ikayamba kukwera azizimitsa AC, atsegule hita mpaka kumapeto kuti ichotseko kutentha, ndipo aime pamalo oyamba abwino. Amene amati "tingofika pasiteji" ndi amene injini zawo zimanoka.

Injini ikuzizira, khalani pansi ndi dalaivala. Safunsa anadya phula. Funso lake ndi limodzi: imaboila nthawi yanji? Yankho lake limakuchepetserani theka la ntchito.

Akati singano imakwera akaima pamzere wa magalimoto m'tauni, koma akathamanga imatsika, vuto lili pa mpweya. Galimoto ikamathamanga mphepo imalowa yokha m'radiyeta, ikaima ntchito yonse imatsalira fani. Ngati fani ndi ya magetsi, yang'anani fyuzi, relay, switch imene imaiyatsa, kenako mota yake. Pa magalimoto ambiri mukayatsa AC fani imayenera kuzungulira, ndiye kumeneko n'kuyesa kosalira ndalama. Ngati ndi fani yoyendera lamba yokhala ndi klatchi ya mafuta, monga pa maminibasi ndi mapikapu ambiri a dizilo, zimitsani injini ili yotentha ndipo mukankhe faniyo ndi dzanja. Ikangoti yendayenda osalimba, klatchi yatha. Onaninso ngati chimango cha pulasitiki chozungulira fani chilipo, pakuti ambiri amachitaya chikasweka, osadziwa kuti popanda icho fani imakoka mpweya wa m'mbali m'malo mokoka wodutsa m'radiyeta. Ngati wina adagwirapo mawaya, ikani kapepala kutsogolo kwa radiyeta fani ikuzungulira. Kapepalako kayenera kumamatira. Kakauluzidwa, mawaya adawatembenuza ndipo fani ikulimbana ndi mphepo ya pamsewu.

Akati m'tauni ilibe vuto, koma imaboila pokwera Thabwa kuchokera ku Chikwawa, kapena pa Chiweta, kapena pokwera kuchokera ku Golomoti, ndiye kuti radiyeta ikulephera kutaya kutentha injini ikamagwira ntchito yolemetsa. Yambani kunja. Unikani ndi tochi pakati pa radiyeta ndi condenser ya AC. Kumeneko kumaunjikana njere za udzu, tizilombo, nthenga ndi fumbi losakanikirana ndi oyilo, moti kutsogolo kumaoneka koyera koma mphepo siidutsa. Tsukani kuchokera kumbali ya injini ndi madzi osathamanga kwambiri kuti timapiko tisapindike. Mukatero ganizani za m'kati. Madzi a pamjigo ali ndi mchere umene umauma m'timipaipi ta radiyeta, ndipo dzimbiri limamaliza kutitseka. Injini ikatentha bwino izimitseni, chotsani pulagi ya fani kuti ingakudzidzimutseni, ndipo yendetsani chikhato pa radiyeta yonse. Pamene pali pozizira pakati pa malo otentha, madzi sakudutsapo. Yang'ananinso paipi ya pansi mnzanu akuponda mafuta: yofooka imaphwatalala pampu ikamakoka mwamphamvu, n'kutseka njira ya madzi. Lamba wolekera amatererekanso, ndipo mapiko a pampu amatha kudyeka ndi dzimbiri mpaka kumangozungulira osakankha madzi. Zonsezi zikakhala bwino, fufuzani mabuleki ogwira ndi taimingi yochedwa, pakuti nazonso zimatenthetsa injini.

Akati imaboila patangopita mphindi zochepa chiilizireni, pena paliponse, ganizani za madzi ochepa, mpweya wotsekeredwa m'kati, kapena thermostat yokanirira. Gwirani mapaipi onse awiri: ina ikamawotcha inzake ili zii pamene singano ili pamwamba, madzi sakuzungulira. Thermostat simuiweruza ndi maso. Imangeni ku kawaya, muilendewetse mumphika wa madzi pambaula. Pathupi pake pamalembedwa nambala, kawirikawiri 82 pa magalimoto ambiri a Toyota, kutanthauza madigiri amene imayambira kutseguka. Muione ikuyasama madzi asanawire. Madzi akabwata iyo ili chitsekere, yafa.

Apa ndi pamene pali chizolowezi chimene ndikufuna inu musatengere. M'magalaja ambiri amaichotsa thermostat n'kuitaya, amvekere idapangidwira maiko ozizira. Si zoona. Injini idapangidwa kuti izigwira ntchito itatentha pa mlingo wake, cha m'ma 85 mpaka 95. Yopanda thermostat imachedwa kufika pamenepo, imamwa mafuta ambiri ndipo imadyeka msanga. Pa injini zambiri thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule ka madzi. Mukaichotsa kanjirako kamakhala kotseguka, ndiye madzi ena amangozungulira mu injini osapita kukazizira. Choipa kwambiri n'chakuti kuichotsa kumabisa vuto lenileni kwa masiku angapo, mpaka galimoto ikakumane ndi chitunda. Yafa, gulani ina ya nambala yomweyo.

Musanyoze chotsekera cha radiyeta chifukwa n'chotchipa. Pamwamba pake pamalembedwa 0.9 kapena 1.1, ndipo umenewo ndi mlingo wa kupanikiza kumene chiyenera kusunga. Kugombe la nyanja ya mchere madzi amawira pa madigiri 100, koma kumalo okwera amawira msanga: ku Dedza, pafupifupi mamita 1,600 pamwamba, amawira cha pa 95. Chotsekera chabwino chimakweza mlingowo kufika cha pa 120. Labala wake akang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, madzi amawira injini isanalakwe chilichonse, n'kumatayika pang'onopang'ono. Galimoto yotsekedwa ndi chisanza pakamwa pa radiyeta idzaboila ngakhale mutaiikira zina zonse zatsopano.

Dalaivala akati amawonjezera madzi m'mawa uliwonse, madziwo ali ndi kumene akupita. Yalani katoni pansi pa injini usiku, m'mawa muone pamene padontha. Fufuzani mizere yotuwa kapena yobiriwira pa makilampu a mapaipi, pamsoko pamene pulasitiki ya radiyeta imakumana ndi chitsulo, ndi pakabowo kakang'ono ka pansi pa pampu, kamene kamadontha silu ya pampu ikatha. Kapeti yonyowa kumapazi a wokwera kutsogolo imaloza ku hita. Dzira, tsabola kapena sopo zimene ena amathira m'radiyeta zimatha kumufikitsa munthu kunyumba, koma zimatsekanso timipaipi tabwinobwino, ndipo mawa ntchito imakula.

Gasiketi ya hedi muziiganizira pomaliza, ndipo muziitsimikiza musanamasule bawuti ngakhale imodzi. Injini ili yozizira, tsegulani radiyeta, dzazani madzi, lizani. Thovu likamatuluka mosalekeza, utsi wa mu silinda ukulowa m'madzi. Paipi ya pamwamba ikauma gwa injini isanatenthe n'komwe, nkhani ndi yomweyo. Zizindikiro zina ndi utsi woyera ku ekizozi umene sutha ngakhale injini itatentha, matope otuwa pansi pa chotsekera cha oyilo, ndi pulagi imodzi yoyera mbee pamene zinzake zili zakuda. Pali mankhwala a buluu oyesera pakamwa pa radiyeta amene amasintha mtundu utsi ukakhalamo, ndipo galaja iliyonse iyenera kukhala nawo. Koma gwirani mfundo iyi: nthawi zambiri gasiketi imapsa chifukwa injini idaboila kale. Mukaika yatsopano osapeza chimene chidayambitsa, nayonso idzapsa. Hedi muiyeze ndi chitsulo chowongoka, yopindika ipite kukasikimidwa, ndipo mabawuti muwamange motsata ndondomeko ndi mlingo wake.

Mukamaliza kukonza musathire madzi okhaokha. Kulanti amateteza ku dzimbiri, amasunga silu ya pampu ndipo amachedwetsa kuwira. Wosasungunula amasakanizidwa theka ndi theka ndi madzi oyera opanda mchere, koma werengani pabotolo, chifukwa wina amabwera wosakaniza kale. Kulanti ndi poizoni wotsekemera, ndiye musamusiye m'beseni pamene pali ana kapena agalu. Pothira tsegulani hita, siyani injini ilire mpaka thermostat itatseguka ndi thovu litatha, kenako wonjezerani. Mpweya wotsalira m'kati umaboilitsa injini imene mwaikonza bwinobwino. Ndipo ngati singano ikuloza pofiira pamene injini siyotentha kwenikweni, yesani sensa ndi geji, nazonso zimanama.

Galimoto musaipereke mutangoiliza m'galaja. Ngati imaboila pachitunda, kaiyeseni pachitunda. Ngati imaboila itaima, isiyeni ilire mpaka fani itayaka ndi kuzima yokha. Mwini wake muuzeni chimene mwapeza, muonetseni sipeya yakale m'manja, ndipo ngati vuto linali chotsekera mulipiritseni za chotsekera. Mudzapeza zochepa tsiku limenelo, koma munthuyo adzabwera ndi anzake. Choncho ana anga, funsani kaye, yambirani pa zotchipa, ndipo hedi muimasule pokhapokha muli ndi umboni.