Kuswa Simenti Pabwalo ndi Kubzala Kapinga ku Dedza

Kuno ku Dedza, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mvula ikachuluka mu Januwale bwalo lasimenti limachita ndere n'kuyamba kuterera, ndipo madzi amadikha paliponse pamene pang'aluka. Kapinga amathetsa vutoli, koma pokhapokha madziwo mutawakonzera njira. Ambiri amangoswa simenti, kuthira dothi pamwamba, n'kubzala. Pofika Febuluwale pabwalo pali thope lokhalokha.

Iswani simentiyo mu Seputembala kapena Okutobala, nthaka ili youma. Musaswe yonse ayi. Siyani mita imodzi m'mbali mwa khoma kuti chinyontho chisalowe m'maziko. Zibenthu za simentiyo ziunjikeni pambali, zili ndi ntchito.

Pagona nkhani ndi pansi pomwe panali simentipo. Dothi lake ndi logogomezeka ngati la pamsewu, madzi salowa. Litipuleni ndi piki mpaka masentimita 30. Kenako kumbani kadzenje kofika m'bondo, mudzazemo madzi. Mukawapeza alimobe m'mawa mwake, dziwani kuti pakufunika ngalande. Ikumbeni kumunsi kwa bwalo, muyalemo zibenthu zija ndi miyala ing'onoing'ono, ndipo ikathere m'dzenje lamiyala lotalikirana ndi nyumba mamita 5 kapena kuposerapo, kutali ndi chitsime ndi chimbudzi. Madzi a padenga nawo alowe m'ngalandemo kapena mumgolo. Akamagwera pakapinga kuchokera kumalata amakumba nthaka, mizu n'kukhala pamtunda.

Posalaza, bwalo lipendekere kutali ndi nyumba, kutsika masentimita 2 pa mita iliyonse. Chingwe ndi levulo ya mmisiri zikwanira. Pamwamba thirani dothi lachonde losakaniza ndi manyowa owolerana bwino, lokhuthala masentimita 15. Manyowa aawisi musayerekeze, amabweretsa udzu wachilendo.

Mbewu ya kapinga pemphani kwa anansi amene kapinga wawo wapirira kale chisanu cha mu Juni ndi Julaye. Mtundu wa Kikuyu umakonda malo ozizira ngati athu ano, kungoti umayanga msanga, choncho muziudula m'mphepete usalowe m'maluwa. Bzalani timitsitsi motalikirana chikhatho chimodzi mvula ikakhazikika mu Disembala, ndipo ana ndi mbuzi asapondepo kufikira kapingayo atatseka nthaka.

Pomweta musafike pansi penipeni. Kapinga wometedwa mpala sachedwa kuuma m'chilimwe.